Ba Kalinde ndi Zimbale Zonong'ona

Chaka chatha tsopano chiwaikireni ba Kalinde ku manda a Chingwere. Mwana wawo Lameki anatumiza uthenga kuchokera ku Joni kuti za mwala wa pamanda zidikire kaye, choncho tsikulo linangodutsa ngati masiku ena onse. Ine ndinalikumbukira chifukwa ndinakhala nawo khoma limodzi kuno ku komboni ya Kanyama zaka zambiri. Iwo anali eni nyumba, ine ndi ana anga tinkachita lendi zipinda ziwiri za kumbuyo, momwe ndimasokeramo zovala mpaka lero.

Anali munthu wa mawu aakulu. Akamandipatsa moni m'mawa, amayi a pa mpopi ankayankha nawo. Sankachita dala. Unyamata wawo wonse unathera pa fakitale yoluka mabulangete ku Indasitiriyo, pakati pa makina osalola munthu kuyankhula motsitsa, ndiye pakamwa panazolowera. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, iwo n'kubadwira kuno. Ku Ntcheuko anapitako kamodzi ali mnyamata, koma ankakutchulabe kuti kwathu. Boma litayamba kugulitsa makampani, salaula, zovala zakaunjika zija, n'kudzaza misika, fakitale ija inatsekedwa. Anzawo ena anagula maminibasi, ena anatsegula tigolosale, ena anangomwera. Iwo anagula kamera ya vidiyo, anthu n'kumawaseka kuti mdala wagula chidole.

Akazi awo, Anachisale, anali atamwalira miyezi yochepa kamerayo isanabwere. Chithunzi chawo chimene chinatsala chinali cha pa chitupa basi. Sanandiuzepo ngati n'chifukwa chake anasankha kamera, ndipo ine sindinafunse.

Kuseka kuja sikunakhalitse. Zaka zimenezo maliro anali a tsiku ndi tsiku, matenda aja akutenga anthu a msinkhu wogwira ntchito, ndipo abale a ku Malawi, ku Kasama kapena ku migodi sankatha kubwera ulendo uliwonse. Banja lililonse linkafuna chotumiza kumudzi. Ba Kalinde anasanduka ba Vidiyo, ndipo ankaitanidwa mpaka ku makomboni a George ndi Chawama.

Pa ntchitoyo anali ndi malamulo awoawo. Ku ukwati ankavala jekete lofiirira, ku maliro lakuda, ndipo tayi sankasiya ngakhale m'nyengo yotentha. Pamaliro sankadya, ankati munthu wokhuta amawodzera kamera ili m'manja. Mayi wamasiye akagwa pansi ndi kulira, iwo ankatembenuzira kamera ku nkhata za maluwa mpaka amayi a mpingo atamudzutsa n'kumumanga bwino chitenje. Izi zinawayambanitsa ndi mabanja ena amene ankafuna kuti akumudzi aone kuti kunaliridwa ndithu. Iwo ankangoti ana a mayiyo adzakula, ndipo adzaonera. Ankakondanso kunena kuti pa tsiku la maliro munthu samva kanthu, makutu amadzatseguka pakatha mwezi, alendo atabalalika, ndipo m'pamene mkazi amafuna kudziwa zimene anthu ananena za mwamuna wake.

Ine ndi iwo tinkakangana za nsimbi. Waya wa magetsi unali umodzi nyumba yonse, ndipo ndikayatsa nsimbi iwo ali pa kompyuta, magetsi ankathima, chimbale n'kuwonongeka. Ankamenya khoma ndi chikhatho.

"Amake Tamara, mwanipaila sidi inangu."

"Nanga zovala za anthu ndipereke zamakwinya?"

Ankakhala tsiku lathunthu osandiyankhula, kenaka madzulo n'kutumiza mapeyala kwa ana anga. Zimbale zowonongekazo ankazipachika ndi ulusi pa kadimba kawo ka repu kuti nkhuku za anthu ziziopa. Nkhuku sizinkaopa.

Kompyutayo inabwera ndi Lameki, nthawi imene matepi anayamba kutha ntchito ndipo aliyense anali atagula kamakina kotchipa koonetsera zimbale. Pamodzi ndi kompyuta anabweretsanso masipika: asanu ang'onoang'ono ndi imodzi yaikulu ya pansi yogunda ngati ng'oma. Ba Kalinde anawakhomera pa makoma a chipinda chochezera, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, imodzi pakati pamwamba pa tivi. Ukakhala pakatikati pa chipindacho kwaya inkakuzungulira ngati uli m'tchalitchi, ndipo m'busa ankayankhula ngati wayima pamaso pako. Ku Kanyama kunalibe munthu wina amene anali ndi zoterozo.

Madandaulo anayamba ndi chimbale choyamba chenicheni. Zithunzi zinkaoneka bwino. Nyimbo ya kwaya imene iwo ankaika pansi pa zithunzizo inkamveka bwino. Koma munthu akayimirira kuti ayankhule, kaya ndi mwinimbumba, kaya ndi m'busa, kaya ndi mkwati, mawu ake ankamveka ngati akuchokera kuseri kwa nyumba ya eni ake. Anthu ankakweza tivi mpaka pamapeto, nyimbo n'kumang'amba makutu, woyankhulayo akadali kunong'ona. Anayesa zonse zimene ankauzana pa msika. Ena ankapukuta chimbale ndi sipiriti, ena ndi mankhwala otsukira mano. Ena anasintha mawaya ofiira ndi oyera aja a kumbuyo kwa tivi, ena anakabwereka makina a anzawo. Ba Mulenga, amene anachokera ku Mufulira ndipo ankagulitsa zitsulo pa msika, anagula makina atsopano poganiza kuti akalewo ndi amene anali ndi vuto. Sizinasinthe.

Aliyense wobwera kudzadandaula ankalandira yankho limodzi.

"Bwelani nayo tiimvele kuno."

Ankaika chimbalecho m'makina awo, ndipo mawu onse ankatuluka, ngakhale kutsokomola kwa munthu wa kumbuyo. Wodandaulayo ankachita manyazi. Ba Kalinde ankati makina otchipa a m'tauni ndi otero, ndipo poyamba ankakhulupiriradi zimenezo. Anthu nawo anavomereza. Popeza panalibe wokwanitsa kugula masipika asanu, anayamba kuchita chimene chinali chapafupi: akafuna kumva maliro a m'bale wawo, ankanyamula chimbale n'kupita kwa ba Vidiyo.

Pasanathe chaka, Lamlungu masana pakhomo pathu pankadzaza nsapato. Mabanja ankabwera akatuluka ku tchalitchi, ena n'kumadikira pa khonde kuti anzawo amalize. Ba Kalinde anakapangitsa mabenchi kwa kalipentala, ine n'kuwasokera makushoni ndi katani wakuda wotchinga dzuwa. Anagula ketulo yaikulu ngati ya pa sukulu. Mayi wamasiye ankamukhazika pa mpando wawo weniweni, pakati pa chipinda, iwo n'kuyimirira pa chitseko. Maulaliki ambiri ankawadziwa pamtima, ndipo milomo yawo inkatsatira. Chimbale chikatha anthu sankanyamuka msanga. Ankamwa tiyi, n'kumakumbutsana za malemu, wina n'kuseka, ndipo ba Kalinde ankawonjezera zimene kamera sinajambule. Sindinawaonepo atasangalala ngati masiku amenewo. Ana awo onse anali kutali, Lameki ku Joni, Esinati ku banja ku Ndola, koma Lamlungu nyumbayo inkakhala ngati ya munthu wa zidzukulu zambiri.

Lameki anabweranso pa Khirisimasi ina. Tsiku limenelo ndinali m'chipindamo ndikusoka kushoni yong'ambika, ndipo bambo ake ankamufotokozera monyadira za makina oipa a anthu. Lameki anamvetsera, kenaka anakhala pa kompyuta n'kutsegulatsegula. Sanachedwe.

"Ba Tate, mashini ya banthu ilibe vuto. Vuto ili apa," anatero akuloza. "Mukasankha apa pa masipika yambili, mawu ya munthu yonse yayenda ku sipika yapakati, nyimbo ndiye iyenda m'mbali. Manje banthu balibe sipika yapakati, bali chabe na tivi. Ndiye chifukwa bamvela nyimbo, munthu bamumvelela patali."

Ba Kalinde anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Muzisankha apa pansi, pa masipika yabili," Lameki anapitiriza. "Na nyimbo muzichepetsako munthu akakamba. Vizamveka pa tivi iliyonse."

"Namvela," anatero bambo akewo.

Anamupempha kuti abwerezenso, Lameki n'kubwereza, iwo n'kuyesa okha, n'kukhoza. Ndinaona ndi maso anga.

Lameki anabwerera ku Joni chaka chatsopano chitangoyamba. Chimbale chotsatira chinali cha ukwati wa mwana wa ba Mulenga, ndipo chinatuluka chonong'ona ngati zinzake zonse. Nditawafunsa, ba Kalinde anati anaiwala pamene Lameki analoza. Munthu ameneyu ankakumbukira dzina la m'busa aliyense amene analalikira pa maliro alionse amene anajambula. Ndinangobwerera ku makina anga osokera. Anali eni nyumba, komanso sindinkaona amene akuvulala: anthu ankamva abale awo, ankamwa tiyi, mdala ankaseka.

Zinapitirira choncho mpaka maliro a Yohane, woyendetsa minibasi amene anafa pa ngozi pa msewu wa ku Kafue. Anali wa ku Dedza, ndipo anasiya mkazi, amake Dalitso, ndi ana aang'ono. Mayi ake a Yohane, amene ankakhala ku Dedzako, anali okalamba, maso atachita ng'ala, ndipo sakanatha ulendo wa basi. Ba Kalinde anajambula malirowo mosamala monga mwa nthawi zonse. Kumapeto kwa chimbale anawonjezerako kachidutswa ka tepi yakale, ka tsiku limene Dalitso anabatizidwa, pomwe Yohane anayimirira kuthokoza alendo, n'kusokoneza mayina a azilamu ake, n'kuseka yekha. Mng'ono wake wa Yohane ananyamula chimbalecho kupita nacho kumudzi.

Patapita milungu ingapo, masana a tsiku lina la pakati pa sabata, amake Dalitso anafika pakhomo pathu chimbale chili m'manja. Ine ndinali pa khonde ndi makina anga, ba Kalinde akuthirira repu. Mayiyo anapereka moni, anakana mpando, n'kufotokoza ali chiimire.

Anati kumudzi anawakweza apongozi ake pa njinga mpaka pa malo a malonda, kwa munthu woonetsa mafilimu. Mwini maloyo anakweza mawu mpaka pamapeto. Gogoyo anakhala kutsogolo, nyimbo ikulira, ndipo patapita nthawi anafunsa ngati pa maliro a mwana wawo panalibe munthu amene anayankhulapo. Anawauza kuti anthu akuyankhula, kungoti sizikumveka. Pofika pa kachidutswa ka ubatizo kaja, mng'ono wa Yohane uja anati, "Amayi, uyo Yohane akuyankhula." Gogoyo anadzuka, anapapasa mpaka anapeza tivi, n'kugunditsa khutu pa galasi. Anakhala choncho mpaka chimbale chinatha.

"Sibanamvele chilichonse," anatero amake Dalitso. "Zithunzi sibaona. Vamene benze kufuna ni mawu chabe."

Ba Kalinde anaika chidebe pansi. "Mashini ya kumunzi mwina..." anayamba, kenaka mwachizolowezi anati, "Bwelani nayo ti..." Sanamalize.

"Ine nabwela kale, ba Kalinde, namvela, zikomo. Manje apongozi banga nizabanyamula bwanji kuchoka ku Dedza kubwela pa mupando wanu?"

Makina anga anali atayima. Ba Kalinde anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana nsalu. Anapukuta manja pa buluku kwa nthawi yaitali, ngakhale sanali onyowa kwenikweni. Atayankhula, mawu awo anali otsika kuposa mmene ndinawamverapo.

"Mashini ya ku Dedza ilibe mulandu, mayi. Ni ine. Siyani sidi, mubwele mailo."

Masana omwewo anatulutsa tepi yoyambirira ya maliro a Yohane n'kuyambiranso. Nsimbi sindinayatse. Atamaliza anagogoda pa chitseko changa, chinthu chimene sankachita, n'kupempha kuti ayesere pa kativi kanga. Tinakhala awiriwiri pa mphasa. M'busa anamveka, mwinimbumba anamveka, ndipo pamapeto Yohane anasokoneza mayina aja n'kuseka, kuseka kwake kukudzaza kachipinda kanga. Ba Kalinde anatulutsa chimbale, analembapo dzina, n'kunena kuti zikomo.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma m'mawa mwake anatsegula wadirobu ya malemu akazi awo, momwe ankasungira matepi onse oyambirira, iliyonse ili ndi dzina lake, n'kuyamba kukonza chimbale chimodzichimodzi. Inali nyengo ya mvula, Kanyama itasefukira monga imachitira. Ankavala magambuti, zimbale n'kuzikulunga m'pulasitiki, n'kumayenda pa miyala ndi m'madzi kukapereka khomo ndi khomo. Paliponse ankanena zofanana: kuti makina a eni nyumbawo analibe vuto, kuti iwo ankadziwa kakonzedwe kake kalekale, ndipo sanakonze. Ndinawauza kuti mbali yomalizayo akhoza kuisiya. Anandiyankha kuti chimbale cholondola sichingapite ndi mawu okhota.

Ena anaseka n'kuwapatsa mpando. Ena anangolandira basi. Ba Mulenga anawafunsa ngati ankawaona akugula makina atsopano aja, ba Kalinde n'kuvomera kuti ankawaona. Chitseko chinatsekedwa pamaso pawo, ndipo amuna awiriwo sanapatsanenso moni mpaka imfa.

Uthenga wa ku Dedza unabwera mvula ikutha. Amake Dalitso anati gogo uja anamva zonse, ndipo anapempha kuti pa kuseka paja abwerezebwereze mpaka mwini malo anafuna kutseka. Ba Kalinde anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati nyimbo sinaphimbe mawu a m'busa. Atauzidwa kuti ayi, anabwerera ku dimba lawo. Gogoyo anamwalira chilimwe cha chaka chomwecho.

Anthu anasiya kubwera. Sikuti anawada, kupatula ochepa. Kungoti aliyense tsopano ankatha kumva m'bale wake ali m'nyumba mwake, pa nthawi imene wafuna, osavala nsapato. Lamlungu loyamba kunabwera mabanja awiri amene zimbale zawo zinali zisanakonzedwe. Zitakonzedwa, nawonso analeka. Ba Kalinde ankakonzekabe. Ankasesa, ankakuntha makushoni, ankatereka ketulo yaikulu ija, n'kukhala pa khonde atavala tayi mpaka dzuwa kupendeka. Madzi a mu ketulo ankathera pa repu.

Lamlungu lina ndinawapeza pa khondepo n'kukhala nawo. Iwo anayamba okha.

"Muganiza ninali wakuba, amake Tamara?"

"Simunabe kanthu ka munthu."

"Ninaba." Anakonza tayi. "Sondo ni itali maningi ngati uli weka."

Sitinakambenso za nkhaniyi.

Ntchito nayo inayamba kuchepa. Kunabwera anyamata a makamera ang'onoang'ono, othamanga, osatembenuza kamera mayi akagwa. Miyendo ya ba Kalinde inayamba kutupa, ndipo ku manda sankathanso kuyimirira nthawi yaitali. Amake Dalitso ankabwera mwa apo ndi apo ndi chiwawa, masamba a maungu aja, kapena mbatata, ana anga ankawatungira madzi, Esinati ankaimba foni kumapeto kwa mwezi. Lamlungu masana ndinkamva kudzera pa khoma akuonera maukwati a anthu ena okhaokha. Maliro sankaikanso. Ndinkamva nthungululu zikuzungulira chipinda chija, kenaka phee, kenaka ukwati wina.

Anagwa m'mawa wina akupita ku mpopi. Tinawatengera ku chipatala, Esinati anafika kuchokera ku Ndola n'kuwapeza akadali kuzindikira anthu, ndipo anamwalira sabata isanathe. Lameki anafika tsiku loika. Pa maliro panabwera anthu ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, amayi amasiye ochuluka, ena ochokera ku George ndi ku Chawama. Ba Mulenga anayima patali pafupi ndi msewu, chipewa chili m'manja, ndipo anachoka chopereka cha pa manda chisanathe kusonkhedwa.

Kompyuta ndi kamera Lameki anapita nazo. Masipika anatenga Esinati. Ana awiriwa sanagwirizanebe ngati nyumbayo igulitsidwe, choncho chipinda chochezera chili chokhoma, kiyi ali ndi ine, ndipo Loweruka lililonse ndimatsegula kuti mulowe mphepo. Pa makoma patsala misomali ndi timizere toyera momwe munkadutsa mawaya. Mabenchi anasanjikizidwa pa ngodya, miyendo yake itathimbirira pomwe panafika madzi a mvula ya chaka chino. Matepi akadali mu wadirobu, chifukwa palibe akudziwa kuti awapereke kwa yani.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wina wochokera ku Chazanga, wovala yunifomu ya unamwino. Anati mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ba Vidiyo ndi amene anajambula, ndipo chimbale chawo chinakalika mpaka chinasiya kuonetsa. Sankadziwa kuti mdalayo kulibe. Ndinamutsegulira, tinafufuza mu wadirobu, ndipo tepi tinaipeza, dzina la mayi ake litalembedwa ndi dzanja la ba Kalinde. Koma m'nyumbamo munalibe choiikamo, ndipo sindikudziwa aliyense ku Kanyama amene akadali ndi makina a matepi otero. Mtsikanayo anatsitsa benchi imodzi, anaipukuta fumbi, n'kukhala pakati pa chipinda tepi ili pa miyendo, akuyang'ana khoma pomwe pankakhala tivi. Ndinamusiya n'kupita kukasoka. Patapita nthawi ndinamva akubwezera benchi pamwamba pa zinzake, kenaka anandibweretsera kiyi.